Malemu akulipirabe lendi

Mu 1998 Machinga idadulidwa pawiri, mbali ya kumadzulo n'kukhala boma la Balaka. Kugawana chuma kumeneko kudayenda bwino, popanda wogenda mnzake. Machinga idatsala ndi mapiri, gombe la Chilwa, nyanja ya Chiuta ndi njovu za ku Liwonde. Balaka idatenga mphambano ya njanji ya pa Nkaya, thonje, ndi dzuwa lonse. Mpaka lero palibe wapita kukhoti kukadandaula za dzuwalo.

Koma tsikirani m'mabanja muone. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 735,000 ku Machinga ndi oposa 438,000 ku Balaka, ndipo aliyense mwa anthu amenewa ali ndi malume. Nyumba za boma ndi zowerengeka: za aphunzitsi, za anamwino, za apolisi, za alangizi. Wolowamo amadziwa kuti ndi wodutsa, koma abale ake sadziwa. Nazi zina zomwe zimakambidwa pa depoti ya Balaka, pamsika wa Ntaja ndi m'maminibasi a pamsewu wa Liwonde. Maina tabisa, poti eni nkhani ena ndi anzathu omwa nawo tiyi.

Atuluka

Mnyamata wina wa ku Ulongwe adakulira ku Blantyre m'nyumba ya a Housing. Bungwe limeneli, Malawi Housing Corporation, lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo nyumba zake za ku Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza, kapena za ku Area 18 ku Lilongwe, anthu amalimbirana chifukwa lendi yake ndi yofewa poyerekeza ndi ya malandilodi. Bambo a mnyamatayo adamwalira, maliro adakaikidwa kumudzi, koma pepala la nyumba lidatsala m'dzina lawo. Banja lidagwirizana kuti za imfayo adziwe Mulungu ndi anthu a ku Ulongwe basi.

Patapita zaka kudabwera mkulu woyendera nyumba, fayilo ili kukhwapa.

"Odi! Eni nyumba alipo?"

"Atuluka, bwana."

Mwezi wotsatira: "Atulukanso, bwana."

Ulendo wachitatu mkuluyo adavula jekete n'kukhala pampando wa pakhonde.

"Lero ndiwadikira. Anati abwera nthawi yanji?"

Mnyamatayo adakanda m'mutu. "Iwowo sananene, bwana. Koma abusa anati lipenga likadzangolira, akhala m'gulu loyamba."

Mkuluyo adatsegula fayilo n'kuyang'ana malisiti. "Pepani ndithu. Koma ndinene zoona, mumzere uno wonse, wolipira lendi pa nthawi yake ndi malemuwa okha."

Adaseka onse awiri, koma pepala silidaseke nawo. Mgwirizano wa lendi umakhala pakati pa mwini nyumba ndi munthu amene dzina lake lidalembedwa. Munthuyo akamwalira, nyumbayo siwerengedwa pa chuma cha masiye, poti sidali yake. Otsala ayenera kukaonekera ku ofesi ndi kalata ya imfa n'kukapempha kuti dzina lisinthidwe. Kupempha, osati kulamula.

Cholowa cha mzime

Nyumba za lendi za a Housing zilipo pafupifupi 6,000, m'dziko lomwe kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 17 miliyoni. Ndiye kutalika kwa mzere wake mungakuone nokha.

Kalaliki wina wa ku Phalula adalembetsa nyumba ali batchala ku Zomba. Adakwatira akudikira, adabereka akudikira, adapuma pantchito akudikira, n'kubwerera kumudzi. Matenda atamukulira adaitana ana ake atatu.

"Iwe wachisamba, utenge njinga. Iwe wapakati, utenge wailesi ndi mbuzi ziwiri. Iwe mzime, ndakusungira chachikulu." Adapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa kapepala kofiirira ndi ukalamba. "Ili ndi lisiti la fomu ya nyumba. Malo anga pamzere ndi ako."

Mzime adakatembenuza kapepalako uku ndi uku. "Ababa, nanga inenso ndikafa asanandiitane?"

"Usadandaule, mwanawe. Nawenso udzabereka."

Kukonzekeratu

Kusanabwere ziphaso za unzika, dzina limodzi linkagwira ntchito mibadwo itatu. Agogo, bambo ndi mdzukulu, onse dzina lomwelo, siginecha yomweyo. Kalembera wa ziphaso wa mu 2017 adasokoneza malonda amenewa, poti chiphaso chimaulula tsiku lobadwa.

Mnyamata wina wa ku Liwonde adapita kukasainira mgwirizano watsopano wa nyumba ya ku Zomba yomwe agogo ake adalowamo kalekale. Mayi wa pakauntala adayang'ana chiphaso, adayang'ana fayilo, adayang'ananso mnyamatayo.

"Achimwene, apa akuti munalowa m'nyumbayi mu 1985."

"Eya, mayi."

"Chiphasochi chikuti munabadwa mu 1998."

"Eya, mayi."

"Ndiye zinatheka bwanji?"

"Nyumba n'zosowa, mayi. Kwathu timayamba tapeza pogona, kenako n'kubadwa."

Mumakhala angati?

Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde. Izi zikutanthauza kuti aliyense wokhala ku Liwonde ali ndi abale ambiri kuposa omwe amawadziwa.

Wogwira ntchito m'boma wina wa m'tauniyo adapatsidwa fomu yoti alembe anthu okhala m'nyumba yake ya zipinda ziwiri. Adafika pa funsolo n'kuima.

"Bwana, apa mukufuna nambala ya masana kapena ya usiku?"

"Ya anthu okhalamo basi."

"Mwezi wanji? Poti anthu akakolola timakhala asanu. Mu Febuluwale timafika 12. Kwathu kwa Chikweo kukabuka malungo timakwana 19, osawerengera ogona pansi pa tebulo."

"Lembani a m'banja mwanu okha: inu, akazi anu ndi ana."

"Asanu, bwana."

"Ndiye asanuwo mumagona chipinda chiti?"

"Ife timagona kwa aneba. Kunyumba kulibe malo."

Kiyi ali kuno

Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma ku Machinga konkuno, atayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana adakhamukira kusukulu, chiwerengero n'kudumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi adachuluka, nyumba zawo sizidachuluke. Zomwe zilipozo, njerwa zake kawirikawiri adaumba ndi makolo.

Pasukulu ina cha ku Ntaja ahedi adakwanitsa zaka 60, kalata yopuma n'kubwera. Miyezi idadutsa iwo ali phee m'nyumba ya sukulu, ati akudikira galimoto yodzanyamula katundu. Ahedi atsopano ankagona mu ofesi, pakati pa makatoni a mabuku ndi matumba a ufa wa phala. Komiti ya sukulu idakhala pansi, amfumu adayankhula, a PEA adabwera panjinga yamoto, mpaka madalawo adalola.

Tsiku lopereka makiyi adaimirira pakhonde, tayi ali m'khosi.

"Nyumba ndi yanu, ndasiya. Koma khitchini ndidamanga ndine. Khola la nkhunda ndi langa. Mango awa ndidabzala ndine chaka cha riferendamu."

"Tamva, bambo."

Usiku womwewo ahedi atsopano adathamangira kuseri, n'kupeza chimbudzi chili ndi loko wamkulu. Kutacha adatuma mnyamata wa Sitandade 8 panjinga ndi kakalata. Yankho lidabwera masana, lolembedwa bwino ndi cholembera chofiira: "Dzenjelo ndidakumbitsa ndi ndalama zanga. Kiyi ali kuno. Mukamufuna muzinena kudakali tsiku limodzi."

Anganga a m'chipinda chakumapeto

Wa boma sakhalitsa: lero Liwonde, mawa Nayuchi kumalire, mkuja Utale. Nyumba imatsalira wobwera. Mlangizi wina atafika pamalo ake atsopano adapatsidwa makiyi ndi pepala la katundu: zitseko zinayi, mawindo asanu, mpope umodzi wosatuluka madzi. Atatsegula chipinda chakumapeto adapeza anganga ali pamphasa, akutong'ola chimanga.

"Takulandirani, mwanangu. Mpopewo musavutike nawo, madzi timatunga kumjigo."

Mlangiziyo adaimbira foni amene adatulukamo. "Achimwene, mwaiwala apongozi anu kuno."

"Apongozi anga? Ayi, ine ndinawapeza. Ndimayesa ndi a mkulu amene ndinamulowa m'malo."

Adaimbira mkulu ameneyo, yemwe tsopano ali ku Karonga. "Inenso ndinawapeza. Koma musawachotse, amadziwa pomwe denga limadontha."

Adabwerera kuchipinda kuja, adagwada pakhomo. "Pepani anganga, kodi pa anthu onsewa m'bale wanu ndi uti?"

"Mkamwini wanga anali woyambayo. Adasamukira ku Nsanje nthawi ya Kamuzu. Anati adzanditenga galimoto ikapezeka. Inu ndinu wachisanu ndi chiwiri. Kodi ndiwo mumakonda zotendera?"

Mlangiziyo adatenga pepala la katundu lija n'kuonjezera mzere: anganga amodzi, ogwira ntchito bwino kuposa mpope.

Banja limodzi

Kuchepa kwa nyumba za achitetezo ndi nkhani yakale, ndipo mu 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera adakhazikitsa ntchito yomanga nyumba 10,000 za apolisi, asilikali, a ndende ndi a zolowa ndi kutuluka. Poyembekezera, mabanja awiri kugawana nyumba imodzi si zachilendo.

Apolisi awiri adakhala chomwecho zaka zambiri, wina chipinda chakummawa, wina chakumadzulo, pabalaza atapachika nsalu pakati. Mwana akalira usiku ankadzuka amayi onse awiri. Ana adakula, ndipo nsalu ndi nsalu basi: mnyamata wa kummawa adakwatira mtsikana wa kumadzulo. Nthawi yopuma itayandikira, asewere awiriwo adavala yunifolomu yochita kusita n'kupita kwa bwana wawo.

"Bwana, tabwera ndi pempho. Ife tsopano ndife banja limodzi. Nyumbayi yasanduka ya pabanja, ndiye tikapuma itsalire anawa."

"Anawo ndi apolisi?"

"Ayi, bwana. Mnyamatayo amawotcha tchipisi."

Bwana adalemba kanthu m'buku. "Za kutsalira ana iwalani. Koma zikomo pondidziwitsa kuti ndinu banja limodzi. Banja limodzi limapatsidwa chipinda chimodzi. Chinacho mawa mulowa konsitabulo watsopano."

Malume ndi lole

Kuno, pakati pa Ayao, Alomwe ndi Anyanja, mbumba imatsata kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi malume. Pamaliro malume akatsokomola, ngakhale oimba kwaya amayamba adikira.

Wogwira ntchito pachipatala china chaching'ono adamwalira, kusiya mkazi ndi ana asanu m'nyumba ya pachipatalapo. Adzukulu asanatsuke n'komwe makasu, malume a malemuyo adatulukira ndi lole yahayala, anyamata anayi ndi hamala.

"Yambani ndi malata, zitseko pambuyo."

Mkulu wa pachipatala adathamangira pomwepo. "Pepani amalume, nyumbayi ndi ya boma."

"Chabwino. Tulutsani bedi ndi matebulo."

"Tembenuzani muone kunsi kwake. Zonse zili ndi nambala ya boma."

"Njinga yamoto iyo?"

"Nambala yake ikuyamba ndi MG."

Malume adapukuta thukuta ndi chipewa. "Nanga mwana wa achemwali anga zaka zonsezi anali ndi chiyani chakechake?"

"Ngongole ya katapila, ndi ana asanu awa."

Malume adayang'ana anawo mmodzimmodzi, n'kutembenukira dalaivala. "Lizani galimoto tizipita. Pa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi. Ine sindingaphwanye mwambo."

Malumewo adachita mwayi kuti lole idabwerera yopanda kanthu. Lamulo la chuma cha masiye lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2011, kulowa m'malo mwa la mu 1967, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi omwe ankadalira malemuyo. Ziwiya za m'nyumba zimatsalira wamasiye. Wolanda chuma cha masiye akhoza kukaseweza zaka 10, ndipo ndalama ya hayala sabweza.

Lendi ya Januwale

Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira mitundu inayi ya ukwati: wolembetsa kuboma, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa ankhoswe, ndi wongolowana womwe khoti lingauvomereze ngati anthu akhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Kalaliki wina wa ku Balaka adamva molakwika, adayesa lamulolo likuti munthu alaweko yonse.

Atamwalira, ku ofesi kudafika amayi atatu, onse ovala zakuda, onse akufuna atsale m'nyumba ya boma kufikira ndalama za malemu zitatuluka. Woyamba adatulutsa setifiketi ya kutchalitchi. Wachiwiri adabwera ndi ankhoswe awiri. Wachitatu adabwera ndi ana atatu omwe mphuno zawo sizinkasowa mboni.

Bwana adati: "Tichite chonchi. Tiyambe taona amene ankakhala m'nyumbamo ndi malemu. Mayi, inu?"

"Ine ndimakhala kwathu ku Kankao. Ankabwera Lolemba mpaka Lachitatu."

"Ine ku Chiendausiku. Lachinayi mpaka Loweruka."

"Ine langa linali Lamulungu, akati apita kumapemphero a tsiku lonse."

"Nanga m'nyumba ya boma munkagona ndani?"

Pakhomo padamveka kutsokomola. Adalowa bambo wina wogulitsa mpunga, lisiti lili m'manja. "Ndine, bwana. Ndinalipiriratu mpaka Disembala. Ndimati ndingofunsa, pa amayi atatuwa, ya Januwale ndizipereka kwa ati?"

Kuika munthu wa lendi m'nyumba ya boma n'koletsedwa, kaya ndi ya a Housing kaya ya kuntchito. Wa mpungayo adatuluka, amayi atatuwo sadalowe, ndipo nyumbayo idapatsidwa kalaliki watsopano, yemwe pakadali pano akuti ali ndi mkazi mmodzi.

Mbuzi ya alamu

Nkhani imasintha ngati malemu adachita kugula nyumbayo. M'zaka za m'mbuyomu nyumba zina za boma ndi za a Housing zidagulitsidwa kwa omwe ankakhalamo, ndipo yotereyo ndi chuma chenicheni cha masiye.

Bambo wina wa kwa Nsamala adagula yake ku Zomba mwanjira imeneyi, n'kumwalira, kusiya mkazi. Abale ake adaopa kulanda poyera, ndiye adakonza nzeru: mlamuyu akangokwatiwanso, nyumba ibwerera kwathu. Adayamba kumukonda modabwitsa.

"Alamu, mukadali mtsikana inu. Musafe ndi kusungulumwa."

Adamusudzula mwachangu, adamupezera mwamuna wofatsa, pa ukwati adapereka mbuzi ndi thumba la mpunga, wamkulu wawo adavina mpaka kuperekeza akwati. Sabata yotsatira adabwera kudzatenga makiyi. Nkhani idafika kukhoti, ndipo adauzidwa zomwe lamulo la mu 2011 limanena: kukwatiwanso sikulanda wamasiye cholowa chake. Pokhapokha ngati chili pamalo a mfumu, apo chimapita kwa ana a malemuyo. Achimwene a malemu samapezeka mbali zonse ziwiri.

Potuluka m'khoti, wamkulu uja adaima pamasitepe. "Ndiye kuti mbuzi yanga ija ndinaperekera kuti mlendo azigona pabedi la mng'ono wanga?"

Mwamuna wofatsa uja adamugwira dzanja ndi manja awiri. "Inali yonona, alamu. Mulungu akudalitseni."

Wosauka wa ndalama

Mu 2014 Pulezidenti Peter Mutharika adakhazikitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. M'dera la phungu aliyense munkasankhidwa mabanja 80. Ambiri ankalandira malata 30 ndi matumba 30 a simenti n'kumabweza theka la mtengo wake pang'onopang'ono, pomwe ochepa ovutikitsitsa ankathandizidwa ulere.

Tsiku losankha anthu m'mudzi wina wa kwa Kalembo, umphawi udabuka mwadzidzidzi. Wa kabaza adabisa njinga yamoto m'munda wa nandolo. Wa golosale adabwera ndi malaya ong'ambika kumsana. Wa chigayo adabwera ndi ndodo, akutsimphina mwendo womwe dzulo lake adagoletsera chigoli.

Mlangizi adayamba: "Tikufuna munthu wopeza movutika, wogona m'nyumba yaudzu."

Manja onse m'mwamba.

"Koma akhale ndi malo ake, njerwa zake, ndipo athe kubweza theka la ndalama."

Manja adatsika, kutsala atatu: la wa kabaza, la wa golosale ndi la wa chigayo.

Agogo ena kumbuyo adaimirira, chipewa chili m'manja. "Pepani bwana, ndifunse nawo kuti ndimvetse. Ndiye kuti mukufuna wosauka wa ndalama?"

"Tingotero, agogo."

"Oo. Ameneyo kuno tilibe. Tili ndi osauka opanda ndalama, ndi olemera ong'ambika malaya."

Malata 30, ana 6

Mmodzi mwa omwe adalandira malatawo cha ku Nselema adamwalira nyumba itangofoleredwa. Ana ake asanu ndi mmodzi adakangana za nyumbayo kuyambira tsiku la sadaka mpaka mvula yoyamba. Wophunzira kwambiri pakati pawo adatenga cholembera: malata 30, ana 6, aliyense 5. Adakwera, adasasula, aliyense adasenza ake. Mayi awo adatsala m'nyumbamo ndi ambulera.

Sabata yotsatira kudabwera wa komiti ya nyumba ndi kope lake.

"Malemu anasiya ngongole ya theka lija. Wolowa m'malo ndani?"

Wachisamba adati iye adangosungira ang'ono ake malatawo. Wachiwiri adati iye ndi wa bambo ena, koma mayi atamuyang'ana adakhala pansi. Wa masamu uja adati: "Ndayesa kuigawa ndi 6, bwana, ikukana."

Wa komiti adatseka kope. "Palibe vuto. Ndibwera mawa kuyendera makomo. Amene ndimupeze ndi lata ngakhale limodzi, ngongole yonse ndi yake."

Kutacha malata onse 30 adali atabwerera padenga la mayi, okhomedwa bwino kuposa poyamba. Mpaka lero palibe akudziwa adakhoma ndani. Lamulo nalo limayenda momwemo: ngongole za malemu zimayamba zabwezedwa kuchokera pa chuma chake, chotsalacho ndicho chimagawidwa.

Mkamwini padenga

Kwa Nsanama mkamwini wina adalandira malata m'dzina lake, koma nyumba adamanga pamalo a kwawo kwa mkazi, monga mwa chikamwini. Banja litasokonekera, ankhoswe atalephera, adauzidwa kuti anyamule chikwama. Iye adati sapita wopanda malata. Adaimika makwerero, adakwera ndi hamala n'kuyamba kuzula misomali.

Apongozi aakazi adatuluka m'khitchini mwakachetechete, adachotsa makwerero aja, adawagoneka pansi n'kukhalapo, akupeta mpunga.

Dzuwa litafika paliwombo, malata atayamba kuotcha, mkamwini adaitana mwana wake, poti ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso. "Iwe, auze agogo ako abwezere makwerero."

Apongozi adayankha akuyang'ana kumbali, ndi ulemu wonse. "Uwauze bambo ako kuti malata ndi awo, sitikukana. Koma makwerero ndi athu, ndipo pansi pomwe akufuna kutsikirapo ndi pathu."

Mkamwini adakhala padengapo mpaka nkhuku zitayamba kulowa. Adatsika atakhomanso misomali yonse, ndipo akuti banjalo lilipo mpaka lero.

Lamulo la malo a m'midzi la mu 2016 limalola anthu kulembetsa malo awo, ngakhale m'maina a mwamuna ndi mkazi limodzi, kudzera m'komiti yotsogozedwa ndi agulupu. Mwa mamembala 6 osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Mkamwini uja atamva izi adangoti: "Apongozi atatu? Ndidikira kaye."

Cholowa cha khasu

Pakati pa 2004 ndi 2011 pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ya boma ndi thandizo la World Bank, idapezera malo mabanja pafupifupi 15,000 osowa polima. Ena adachokera ku Thyolo ndi Mulanje, komwe tiyi adadya minda, n'kudzakhala m'maesiteti akale ku Machinga ndi Mangochi, kenako Balaka ndi Ntcheu. Banja linkapeza mahekitala pafupifupi awiri, ndipo malowo ankalembedwa m'dzina la gulu.

Bambo wina wa ku Thyolo ponyamuka abale ake adamuseka: "Mukapsa ndi dzuwa kumeneko, otsala akapondedwa ndi njovu." Iye adapita, adagwetsa tchire, adamanga nyumba ya njerwa zootcha, adadzaza nkhokwe. Atamwalira, abale aja adadzaza minibasi.

"Tabwera kudzagawana malo a m'bale wathu. Wogula tamupeza kale."

Wapampando wa gulu adawalandira bwino, adawapatsa thobwa. "Kugulitsa sikutheka. Pepala ndi la gulu, ndipo mayi ndi ana alipo. Koma poti ndinu abale, simungabwerere chimanjamanja." Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi makasu asanu ndi awiri. "Mzere woyamba ndi uwu. Munda umathera pa mlambe uwo."

Adauyang'ana mlambewo ataphimba maso ndi dzanja. Unali mwezi wa Okutobala. Pofika 10 koloko wamkulu wa gululo adaimika khasu, malaya atamatirira kumsana.

"Apampando, kodi minibasi ya ku Limbe imadutsa nthawi yanji?"

"Nanga cholowa?"

"Tachiona. Chili m'manja abwino."

Wilo

Ambiri kuno amati kulemba wilo n'kuitana imfa. Chikhalirecho wilo safuna zambiri: alembedwe, mwini asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisainenso.

Mlonda wina wa ku Liwonde, yemwe adakhala zaka zambiri m'kanyumba ka kuntchito, adalimba mtima n'kuitana mphunzitsi kuti amulembere.

"Lembani. Nyumba ino ndasiyira mwana wanga woyamba."

"Madala, nyumbayi ndi ya boma."

"Lembani basi. Wachiwiri ndamusiyira Kamuzu Barrage ndi zitseko zake zonse."

"Madala!"

"Wamkazi atenge Liwonde National Park. Njovu asagulitse."

Mphunzitsi adaika cholembera pansi. "Zonsezi si zanu."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Koma mmodzi akalandira cha boma enawo ayi, adzakangana. Bola onse akathamangitsidwe mofanana."

"Nanga chanuchanu n'chiyani?"

Madalawo adayang'ana kukhomo, adatsitsa mawu. "Puloti kwa Sitola, nyumba yafika pamawindo, ndi mbuzi zinayi."

"Ndiye tilembe zimenezo."

"Ayi, zimenezo musalembe! Mukufuna kundiitanira imfa?"

Taseka, koma pa nkhani zotere amene amagona panja ndi mayi wamasiye ndi ana, osati malume. Akuluakulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ya kuntchito imatha ndi ntchito, ya lendi imayendera dzina lomwe lili pa mgwirizano, ya malata a ngongole imayenda ndi ngongole yake. Inu amene mukugona m'nyumba ya boma lero, gulani kapuloti ndi kuumba njerwa malipiro akadalipo, ndipo lembani wilo wa zinthu zanuzanu. Inu amayi, wina akabwera kudzazula zitseko maliro asanathe, musalimbane naye. Pitani kupolisi, ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau. Lamulo la mu 2011 lili kumbali yanu ndi ya ana anu.